A Chimpeni ndi Tsiku Lawo Limodzi

Mboni zanga ndi ziwiri, ndipo ndizitchuliretu ndisanayambe, chifukwa mkulu amene ndikufuna kunena za iwoyu sankalola nkhani yopanda mboni ziwiri kulowa pakhomo pawo, ngakhale itakhala nkhani ya mvula imene ikuwanyowetsa iwo omwe. Mboni yoyamba ndi a Tembo a ku Katete, dziko la Zambia, amene amagulitsa mankhwala m'famase ina ku Brampton. Yachiwiri ndi Mayi Nambewe, mkazi wa malemuwo, amene akadali m'nyumba yomwe ija ku Oshawa. A Tembo akuti avomereza zonse kupatula za galu wawo. Mayi Nambewe akuti andiuza akamaliza kuwerenga. Ine ndikulumbira kuti sindinathiremo mchere ngakhale pang'ono, ndipo pamene muone ngati ndakokomeza, dziwani kuti pamenepo ndiye ndachepetsa.

Papita chaka tsopano chimwalirireni a Wyson Chimpeni. Kwawo kunali ku Ntcheu, kumene ankaphunzitsa mbiri yakale pa sukulu ya sekondale. Kuno ku Canada ankawerenga makatoni m'nyumba yosungiramo katundu ku Mississauga koma akugona ku Oshawa, kutanthauza kuti tsiku ndi tsiku ankadutsa Toronto yense pa sitima ndi pa basi, m'mawa kupita, madzulo kubwerera, ali chivalire tayi. Tayiyo ankavalanso pochotsa chipale chofewa pakhomo ndi fosholo. Ndinaona ndi maso angawa. Tonse, Amalawi ndi Azambia, tinkawaitana kuti aphunzitsi, ngakhale anthu amene sanawaphunzitsepo kanthu. Mukawauza kuti lero kwazizira, ankafunsa kuti kwazizira kuti, nthawi yanji, ndipo waona ndani. Tsiku lina atandipatsa moni ndinayankha kuti ndili bwino, iwo n'kuyang'ana kumbuyo kwanga ngati akudikira wina woti avomereze.

Anali ndi buku limodzi lalikulu, lachikuto chakuda, lolemera ngati njerwa zitatu. Pachikutopo anamatapo pepala lolembedwa ndi dzanja lawo: Zochitika m'chigawo cha Ontario pa 14 Ogasiti. Osati pa 13, osati pa 15, ndiponso osati m'chigawo china chilichonse. Tsiku limodzi lokhalo, chaka ndi chaka, kuyambira kale kwambiri kumene nyuzi zakale zimalekezera mpaka lero. M'bukumo muli moto umene unatentha chigayo m'katauni kena magalimoto asanabwere. Muli ng'ombe imene inathawa pa chionetsero cha zaulimi n'kukalowa m'sitolo ya nsalu. Muli matalala, muli sitima yochedwa, muli galu wa a Tembo. Zaka zake sinditchula, chifukwa bukulo sindili nalo pano, ndipo ndikaphonya chaka chimodzi malemuwo sandigoneka tulo.

Mayi Nambewe munalibe. Anakhala nawo pa banja zaka zoposa makumi anayi, naphikira munthu aliyense amene anabwerapo kudzamva bukulo likuwerengedwa, koma dzina lawo munalibe. Ankafuna kuti lilowemo, ankanena kuti ali ndi ufulu wolowamo, ndipo amuna awo ankakana. Mkangano wa m'nyumba imeneyo unali umodzi wokhawo, ndipo unakhala zaka makumi awiri osakalamba.

Chiyambi cha bukulo amachifotokoza bwino ndi a Tembo, popeza ndiwo anakachingamira a Chimpeni ku bwalo la ndege tsiku limene anafika, atapemphedwa ndi abusa a mpingo wathu. Linali pa 14 Ogasiti. Anafika okha, mayi atatsala ku Ntcheu kudikira mapepala. M'mawa mwake aphunzitsi anagula nyuzi, naiwerenga yonse mpaka malonda a matayala, osadzipezamo. A Tembo akuti sanakwiye. Anangoipinda bwinobwino n'kunena kuti dziko losadziwa zimene zalichitikira dzulo likusowa mphunzitsi. Loweruka lotsatira anali ku laibulale, kufunsa kuti pa tsiku lomwelo m'chigawo muno munachitikanso zotani zimene anthu anaiwala.

Anapitako Loweruka lililonse kwa zaka zambiri. Nyuzi zakale kumeneko anazijambula pa timafilimu toonera pa makina, ndipo iwo ankangotsegula za pa 15 Ogasiti, popeza ndizo zimanena za dzulo lake. Nkhani ya tsiku lina ikaonekera pambali, ankaiphimba ndi chikhatho kuti isawasokoneze. Munthu wodziwa mbiri ya Ontario kuposa a Chimpeni kunalibe, bola mufunse za tsiku limodzilo. Mukafunsa za pa 16 anali mlendo ngati ine.

Malamulo awo anali ochepa koma osapindika. Chinthu chichitike mkati mwa Ontario. Chichitike pa 14 Ogasiti, pa nthawi ya kuno. Pakhale mboni ziwiri, kapena nyuzi ziwiri, kapena munthu mmodzi ndi chidindo cha boma. Kufika kwawo komwe anakulemba atatsatira zimenezi: chidindo cha m'pasipoti, ndi a Tembo. Pamene anapeza kuti uthenga wa kutha kwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse unafika kuno madzulo a 14 Ogasiti, analemba kuti anthu anasokosa kwambiri m'misewu ya Toronto. Chifukwa chimene anasokosera sanalembe, poti nkhondoyo inathera kunja kwa chigawo.

Tsikulo likafika ankatsegula galaja ya nyumba yawo, n'kubwereka mipando ku tchalitchi. Folo koloko yeniyeni ankakhala patebulo, kutsokomola kamodzi, n'kuyamba kuwerenga kuchokera ku chaka chakale kwambiri. Sankadumpha mzere. Zaka zomalizirazi kuwerengako kunkatenga maola atatu, m'kutentha kwa Ogasiti, ndipo chakudya sichinkatuluka asanatseke buku. Anthu ankabwera kuchokera ku Brampton, ku Mississauga, ena kutsidya kwa Hamilton, ndipo akafunsidwa ankati abwerera mpunga ndi nkhuku ya Mayi Nambewe. Bodza. Ankabwera kudzamva ngati alowamo. M'dziko lino munthu ukhoza kugwira mashifiti zaka khumi ndi zisanu popanda pepala lililonse lokutchula kupatula la msonkho. A Chimpeni ankakutchula ndi dzina lonse, mudzi, ndi boma la kwanu, pamaso pa anthu, chaka chilichonse, pakati pa moto wa chigayo ndi kutha kwa nkhondo.

Ndiye anthu anayamba kukonzekera. Maukwati ankasunthidwa. Mkulu wina amene analephera mayeso a galimoto kasanu ndi kamodzi anabukitsa achisanu ndi chiwiri pa 14 Ogasiti, natenga anthu awiri kuti akaime pageti. Analepheranso, ndipo analowa m'buku. Bambo wina ku Brampton, mkazi wake woyembekezera atayamba kumva kupweteka pa 12, anamupempha kuti apirire pang'ono. Banjalo lilipobe, koma bamboyo mpaka lero amadya ataimirira pafupi ndi chitseko. Ndife pano ngati ndikunama.

Za galu zinayenda motere. Chaka china pa tsikulo, galu wa a Tembo anakumana ndi kanyimbi kuseri kwa nyumba, ndipo kanyimbiyo anamupopera. A Chimpeni atamva anakwera basi kukafunsa maneba awiri, nalemba. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse galuyo ankawerengedwa pagulu, ndi dzina la mwini wake. Chaka chachitatu a Tembo anaimirira pakati pa kuwerenga.

"Ba Chimpeni, imwe," anatero m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka. "Nili na madigiri awiri. Manje m'buku mwanu anthu azinikumbuka na galu wonunkha?"

"Madigiriwo munalandira liti?"

"Mu Juni."

"Kuti?"

"Ku Lusaka."

"Ndiye mukundivutitsiranji? Galuyo anayesetsa. Inu simunayesetse."

Anakhala zaka ziwiri osalankhulana. Uthenga unkadzera kwa ine. Koma a Tembo sanajombe ngakhale chaka chimodzi. Ankabwera, n'kutembenuza mpando kuti ayang'ane kumsewu, ndipo pofika pa galu ankaimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima, mokweza.

Mayi Nambewe njira zawo zinali zina. Poyamba anayesa kunena kuti amaphikira anthu makumi anayi pa tsikulo, mkati mwa Ontario, mboni zili mbwee. Aphunzitsi anayankha kuti chinthu chochitika chaka chilichonse si mbiri koma nyengo, ndipo iwo salemba kuti mu Ogasiti kumatentha. Mayiwo anamva, nasunga. Chaka chotsatira tinawapeza atakhala pampando wa kutsogolo, atavala chitenje chatsopano, chikwama pamiyendo ngati mlendo wolemekezeka. Kuwerenga kutatha tonse tinayang'ana kuchitseko cholowera kukhitchini. Zii. Fungo lililonse kunalibe. Mimba makumi anayi zinalira pamodzi mpaka chitseko cha galaja, chija chamagetsi, chinatsika chokha.

"Lembani tsopano, bambo," anatero mayiwo. "Izi sizinachitikepo. Mboni ndi izi, zanjala."

A Chimpeni ananyamula pensulo, naiyang'ana, naibwezera pansi.

"A Nambewe, ine ndimalemba zimene zachitika. Inu simunaphike. Chinthu chimene sichinachitike ndichilemba bwanji?"

Tinasonkherana n'kuitanitsa mapitsa khumi ndi awiri. Popeza chakudya chogula chinali chisanalowepo m'galajamo, ndipo tonse tinachiona chikulowa, mapitsawo ali m'buku.

Koma muzu wa mkanganowo unali kumbuyo, pa tsiku limene aliyense wokhala kuno nthawi imeneyo amalikumbuka: 14 Ogasiti 2003, magetsi atazima chigawo pafupifupi chonse. Mapepala a Mayi Nambewe anali atatheka miyezi ingapo m'mbuyo mwake, koma aphunzitsi anachedwetsa dala tikiti kuti mkazi wawo adzatere pa tsiku lawolo n'kulowa m'buku mwaulemu, ndi chidindo. Anawalembera kalata kuwafotokozera zonse. Patsikulo a Tembo anatengera aphunzitsi ku bwalo la ndege m'mawa, ngakhale ndegeyo inkayembekezeka madzulo. Aphunzitsiwo anavala suti, m'manja atanyamula chijasi cha chisanu chimene anagulira mayiwo, dzuwa likuswa mtengo.

Itangopitirira folo koloko, nyale zonse zinathima. Makina olembapo nthawi za ndege anada. Eni dziko anayamba kuthamanga uku ndi uku, ndipo aphunzitsi anauza a Tembo kuti kwathu limeneli ndi Lachinayi wamba, anthuwa akhale pansi. Kenako wina wokhala ndi kawailesi ananena kuti si bwalo la ndege lokha, ndi Toronto yense, Oshawa, Ottawa, mpaka kutsidya la malire. A Tembo akuti anaona nkhope ya a Chimpeni ikusintha ngati ya munthu amene waitanidwa ndi dzina kumwamba. Zaka zonse zija akutola ng'ombe ndi matalala m'nyuzi za anthu akufa, lero chinthu chachikulu chinabwera chokha, pa tsiku lawo, iwo ali moyo, pensulo ili m'thumba.

Anawapatsira a Tembo chijasi chija n'kutuluka. Maroboti anali atafa, anthu wamba ataima pamphambano kuwongolera magalimoto ndi manja. Masitolo ankagawa ayisikilimu asanasungunuke. Anthu a masuti ankayenda wapansi m'mbali mwa msewu, nsapato zili m'manja. A Chimpeni ankaimitsa aliyense, kufunsa dzina, nthawi, ndi amene angamuvomereze. A Tembo anawasaka maola awiri, n'kuwapeza dzuwa litapendeka ali pamphambano ina, akuuza mzungu wonyamula bulifikesi kuti atchule dzina lake chilembo chimodzichimodzi.

"Mudala, nanga mulamu?" anafunsa a Tembo.

A Chimpeni anakweza mutu. "Ndani?"

Liwu limenelo a Tembo analisunga zaka zisanu asanaliulule. Analiulula chaka cha galu.

Ndege ya Mayi Nambewe anaitembenuzira ku Montreal, m'chigawo cha Quebec, kumene magetsi analipo. Munthu amene anali asanatulukepo m'Malawi anapezeka pakati pa anthu olankhula Chifalansa, atadindiridwa pasipoti, akukwezedwa basi yopita ku Toronto. Anafika m'mawa wa pa 15. Amuna awo anawapeza pa depoti, nawaveka chijasi chija m'kutentha komweko. Mayiwo asanafunse n'komwe za moyo, anati alembedwe, chifukwa alowa mu Ontario pa 14 monga anapanganira. Ankadziwa kufunika kwake, ndiye m'basimo sanagone. Anaona chikwangwani cha malire a Ontario pa kuwala kwa nyale za basi, nayang'ana wotchi ya pamkono. Wotchiyo inali ikadali pa nthawi ya ku Malawi, ndipo inkati twente tu sikisi m'mawa. M'nyengo yotentha Malawi amatsogola ndi maola asanu ndi limodzi. Ndiye kuti kuno inali twente tu thwelofu usiku, tsiku la 14 lisanathe.

Aphunzitsi anawerengera pa chikatoni cha katundu wa mayiwo, navomera kuti samuyo yakhoza. Kenako anafunsa kuti anaona ndani. Anthu onse m'basimo anali m'tulo. Dalaivala sanamudziwe dzina. Chidindo cha m'pasipoti chinkati 14 Ogasiti ndithu, koma Montreal, ndipo Montreal si Ontario. Nanga wotchi? Aphunzitsi anati wotchi si munthu, makamaka yogula pamsika wa Ntcheu, ndipo wotchi yosonyeza nthawi ya dziko lina singachitire umboni za dziko lino. Kuzima kwa magetsi kunatenga masamba anayi a bukulo, ndi mayina a azungu makumi atatu amene sitinawaonepo. Za mayiwo panalibe ngakhale kadontho.

Chaka chilichonse, akafika kumapeto kwa masamba anayiwo, Mayi Nambewe ankatulukira pachitseko cha kukhitchini, chipande m'manja, n'kunena kuti twente tu thwelofu. Aphunzitsi ankadikira kuti amalize, n'kutembenuza tsamba. Alendo ankaganiza kuti ndi mbali ya mwambo.

Aphunzitsi ndinawafunsapo kamodzi, tili pa sitima yobwerera ku Oshawa, ngati akuganiza kuti mayiwo ananama. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati Nambewe sananamepo chibadwire, ndipo iwo sakayika kuti basiyo inadutsa malire pa nthawi imene akunenayo. Koma akalemba chinthu chifukwa chokhulupirira munthu amene amamukonda, bukulo lisanduka la zimene Chimpeni amakhulupirira, ndipo buku lotere aliyense ali nalo kale m'mutu. Anandiuzanso kuti analemba makalata asanu ndi awiri ku kampani ya basiyo kufunsa dzina la dalaivala, osayankhidwa, ndiponso kuti munthu aliyense amene amamumva akulankhula Chifalansa pa sitima amamufunsa kumene anali usiku umenewo. Izi ndinazionanso ndekha: titafika pa siteshoni yotsatira anadzuka kukafunsa mayi wina wonyamula maluwa. Ndinawafunsa ngati anawauzapo akazi awo zonsezi. Anati ayi, adzawauza akadzapeza mboni. Maliro atatha ndinakawauza ndine. Mayi Nambewe anamvetsera mpaka kumapeto, nati zimenezo akanawauza iwo kukhitchini, osati ine pa sitima.

Chaka chathachi mtima wa aphunzitsi unayamba kufooka, ndipo Ogasiti atangoyamba anagonekedwa m'chipatala ku Oshawa. Madokotala anatiuza zoona. Palibe amene ananena poyera, koma aliyense ankawerenga masiku. Pa 13 masana a Tembo anawagwira dzanja.

"Limbani pang'ono, mudala. Mailo chabe. Mailo ni tsiku yanu."

Mailo kwawoko ndi mawa. A Chimpeni anatsegula diso limodzi n'kufunsa nthawi. Atauzidwa anapukusa mutu pang'ono ngati munthu amene waona kuti basi yomaliza saipeza. Anamwalira seveni koloko madzulo, dzuwa likadali pawindo. Mayi Nambewe anaimbira foni mwana wawo Chisomo ku Lilongwe. Kumeneko inali wani koloko, tsiku litasintha kale. Chisomo analemba uthenga wa abale kuti bambo atisiya lero pa 14 Ogasiti, ndipo pofika m'mawa uthengawo unali utazungulira Ntcheu yense n'kubwerera m'mafoni athu kuno.

Pa 14 tinasonkhana pa nyumba ya maliro monga timachitira. Pabalaza anachotsa mipando, nayala matiresi pansi, namfedwa atakhala pamenepo pakati pa amayi anzake. Abambo tinali m'galaja. Buku linali patebulo pake. A Tembo ndiwo anayambitsa, maso ali ofiira: munthuyu anabwera pa 14, ndipo uthenga uli m'foni ya aliyense ukuti wapita pa 14. Mboni si ziwiri, ndi boma lonse la Ntcheu. Timulembe mzere womaliza, titseke buku. Tonse tinavomera, ndipo pensulo anandipatsa ine chifukwa cha dzanja langa labwino. Ndinali nditalemba liwu limodzi pamene chitseko cha kukhitchini chinatseguka.

Namfedwa sadzuka pa matiresi tsiku loyamba, ndipo sapita kumene kwakhala abambo. Mayi Nambewe anatulukira opanda nsapato, duku lakuda kumutu, amayi atatu akuwakoka chitenje kumbuyo n'kumawanong'oneza kuti abwerere.

"Mukulemba chiyani, achimwene?"

Ndinayang'ana a Tembo. A Tembo anayang'ana pansi, kenako anafotokoza.

"Anafera kuti?" anafunsa mayiwo.

"Ku Oshawa, mulamu."

"Nthawi yanji?"

Mayiwo anadziyankha okha.

"Ndinalipo ine, munalipo inu a Tembo, analipo namwino. Mboni zitatu. Seveni koloko, pa 13. Wotchi ya ku Malawi inakanidwa m'nyumba muno kalekale. Lero yapeza liti ulemu?"

"Koma mulamu, ni munthu wakufa uyu. Mzere umodzi chabe."

"Akanakhala moyo akanakulandani pensuloyo. Fufutani."

Ndinafufuta. Mayiwo anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kunena kuti folo koloko yakwana, bwanji sitikuwerenga. Aliyense anapeza chochita ndi nsapato zake. Ndiye anakoka mpando wa amuna awo, nakhala, natsegula tsamba loyamba, n'kuyamba ndi chaka chakale kwambiri. Amayi aja atatopa kuima pachitseko anatenga zitenje n'kukhala pansi pa simenti. Nyimbo za maliro pabalaza zinaleka, onse anabwera. Anawerenga moto wa chigayo, ng'ombe ya m'sitolo, phokoso la m'misewu ya Toronto, kufika kwa Wyson Chimpeni wa ku Ntcheu. Anawerenga masamba anayi a magetsi ndi mayina onse makumi atatu, osaonjezera kanthu pamapeto pake. Pofika pa galu, a Tembo sanatembenuze mpando. Anawerenganso mapitsa. Maola atatu ndi mphindi khumi, osamwa madzi, osadumpha mzere.

Atatseka buku, a Tembo anaimirira n'kupukuta kumaso ndi mpango.

"Anzanga, nifunseko. Namfedwa kuchoka pa matiresi tsiku yoyamba, kubwera kwa amuna, kuwerenga buku yonse. Munaonapo?"

Tinati ayi.

"Muno ni mu Ontario?"

Tinati inde.

"Lero ni pa chani?"

"Pa 14."

"Mboni?"

Manja anakwera m'galaja monse, mpaka a abusa. Ndinatsegula pa tsamba lija ndinafufuta n'kuyamba kulemba kuti mkazi wa a Chimpeni. Mayiwo anaika chala pa pepalapo.

"Mukufuna muwalowetsere khomo la kuseri. Fufutaninso. Lembani Esinati Nambewe, mudzi wa kwathu, boma la Ntcheu."

Ndinalemba momwemo, iwo akutchula chilembo chimodzichimodzi. A Tembo ndi abusa anasaina m'munsi. Mayiwo anawerenga mzerewo kawiri, natseka buku, nalinyamula m'khwapa, nabwerera pabalaza. Atakhala pa matiresi paja ndi pamene anayamba kulira, ndipo analira mpaka maneba achizungu anabwera ndi maluwa.

Ena ankati tikafufuza bwino tipeza kabuku kena kobisika, ka pa 15 Ogasiti, kodzaza ndi dzina la mayiwo. Anthu amakonda zoterozo. Tinafufuza m'madirowa, m'masutikesi, m'matumba a majekete onse. Tinapeza mapensulo makumi asanu ndi atatu ndi matayi. Kabuku kunalibe.

Chaka chino pa 14 Ogasiti ndinakwera sitima kupita ku Oshawa, ngakhale panalibe amene anandiitana. Mayi Nambewe ndinawapeza akusita pabalaza, wailesi ikulira. Anati kuwerenga kulibe, buku linatha. Ndinawakumbutsa kuti masamba osalembedwa anatsala ambiri. Anati inde, koma linatha. Anandipatsa kiyi kuti ndikadzionere ndekha m'galaja, ndikamaliza ndikhome.

Mipando inabwerera ku tchalitchi. Tebulo analipereka kwa banja lina longofika kumene, ndipo pa simenti patsala timabowo tinayi pamene miyendo yake inadya pansi. Kumene kunkakhala abambo a ku Brampton kwasanjidwa matayala a nthawi ya chisanu. Pakona pali thumba la mchere wothira pa chipale, lotsegula, ndi fosholo yotsamira khoma. Pakati, pamene munthu ankayenera kupempha njira kuti adutse, pali mpata woti mwana akhoza kuphunzirirapo njinga. Kudenga mayiwo anaikitsa nyale yatsopano, ija imayaka munthu akalowa n'kuzima yokha ikaona kuti palibe chikuyenda. Ndinaima pakati pa timabowo tinayi tija, manja kumbuyo, osagwedezeka. Inadikira pang'ono, kenako inazima.